Mmene Mungalowere Ntchito Yofufuza ndi Kuteteza Nyama Zakuthengo Zimene Zili Pafupi Kutha

Aliyense amene akufuna kudzagwira ntchito yofufuza za moyo wa nyama zakuthengo ayenera kudziwiratu kuti gawo lalikulu la ntchitoyi ndi kupeza chiwerengero cha nyama, kulemba malipoti ndi kukambirana ndi anthu, ndipo nthawi imene katswiri amakhala maso ndi maso ndi chipembere kapena njovu ndi yochepa zedi poiyerekeza ndi imene amathera pa kompyuta, m'misonkhano ndi m'maofesi opereka zilolezo. Boma kapena bungwe likamalemba ntchito munthu wotere, limafuna kuti ayankhe mafunso amene sasintha kulikonse padziko lapansi: nyama za mtundu uwu zatsala zingati, zikuchepa chifukwa chiyani, nanga ndi ndalama zochepa zimene zilipo tingachitepo chiyani kuti zisathe? Kukonda nyama n'kumene kumakokera anthu ambiri ku ntchitoyi, koma amene amakhalitsa ndi amene mayankho awo pa mafunsowa amadalirika, choncho maphunziro ndi maluso amene mungasankhe ayenera kukukonzekeretsani kuwayankha.

Nkhani ya miimba ya ku India, Pakistan ndi Nepal imaonetsa bwino mmene ntchitoyi imayendera. M'zaka za m'ma 1990 mbalamezi zinayamba kufa mwaunyinji, moti mitundu ina inachepa ndi 95 peresenti kapena kuposerapo m'zaka zowerengeka, ndipo poyamba ambiri ankaganiza kuti kwabuka matenda opatsirana. Chimene chinaulula gwero la vutoli inali ntchito yotopetsa ndi yonunkha yotola mitembo ya miimba, kuing'amba ndi kuyeza ziwalo zake. Ofufuza anapeza kuti m'kati mwa mbalame zambiri munali zinthu zoyera ngati choko zitakuta ziwalo, chizindikiro chakuti impso zinali zitasiya kugwira ntchito, ndipo mu 2004 anafalitsa umboni wakuti miimbayo inkafa ndi mankhwala otchedwa diclofenac, amene ankabayidwa ng'ombe zodwala. Ng'ombe ikafa mankhwalawo asanathe m'thupi, miimba yodya nyama yake inkafa patangopita masiku ochepa. Mu 2006 mayiko atatuwo analetsa mankhwalawa pa ziweto, ndipo panapezeka ena otchedwa meloxicam amene sapha miimba. Kuti zimenezi zitheke panafunika wotola mitembo m'tchire, dokotala wa ziweto, woyeza zinthu m'labotale, katswiri wa masamu amene anasonyeza kuti ng'ombe zakufa zochepa kwambiri zokhala ndi mankhwalawo zinali zokwanira kugwetsa chiwerengero chonse, ndiponso munthu wotha kulankhula ndi akuluakulu a boma mpaka amve. Onsewa ali m'ntchito imodzi, ndipo musanasankhe sukulu ndi bwino kudzifunsa kuti pa maudindo amenewa, ndi uti umene ukugwirizana ndi mutu wanu ndi mtima wanu.

Maphunziro oyenera kuchita

Ngati mudakali kusekondale, limbikirani biology, chemistry, geography ndi masamu, ndipo masamuwo musawaone ngati phunziro longodutsirapo, pakuti ndi amene adzakusiyanitseni ndi anzanu ambiri ofunsira ntchito imodzimodzi. Kuyunivesite, digiri yoyamba ingakhale ya zoology, ya ecology, ya kasamalidwe ka nyama zakuthengo, ya zankhalango kapena ya udokotala wa ziweto. Ndi digiri yoyambayo munthu amayamba ngati wothandizira kafukufuku kapena ofisala wa m'malo otetezedwa. Amene akufuna kutsogolera kafukufuku wakewake nthawi zambiri amafunika digiri yachiwiri, pamene digiri ya PhD ndi yofunika makamaka kwa ofuna kuphunzitsa kuyunivesite kapena kukhala mkulu wa zasayansi m'bungwe lalikulu. Si nzeru kuthamangira digiri yachiwiri mutangomaliza yoyamba. Chaka chimodzi kapena ziwiri zogwira ntchito m'tchire zimakupatsani funso lenileni loti mukalifufuze, ndipo wophunzira wobwera ndi funso lake amapindula kwambiri kuposa wongolandira mutu umene mphunzitsi wamusankhira.

Palinso njira ya makoleji ophunzitsa kasamalidwe ka nyama mwachindunji, imene imayenera anthu ofuna kuyang'anira malo otetezedwa. Koleji ya Mweka, m'munsi mwa phiri la Kilimanjaro ku Tanzania, yakhala ikuphunzitsa akuluakulu a m'mapaki kuyambira 1963; ku Garoua m'dziko la Cameroon kuli sukulu yofanana nayo ya olankhula Chifalansa, ndipo Southern African Wildlife College ili m'mphepete mwa paki ya Kruger ku South Africa. Pa maphunziro apamwamba, Durrell Institute of Conservation and Ecology ya pa yunivesite ya Kent ku England ndi imodzi mwa zodziwika. Komabe dzina la sukulu lisakukopeni mosaganiza. Funsani kuti ophunzira amathera masabata angati m'tchire, kuti amaphunzira statistics, masamu osanthulira ziwerengero, mozama bwanji, komanso ngati aphunzitsi ali ndi kafukufuku amene akuchitika panopa woti wophunzira angalowemo. Sukulu yosatchuka yokhala ndi mphunzitsi mmodzi wakhama amene amatenga ophunzira ake kukatchera makamera ingakupatseni zambiri kuposa yotchuka imene zonse zimathera m'kalasi.

Pali ena amene amati sukulu ilibe ntchito chifukwa Jane Goodall, wofufuza wotchuka wa anyani a chimpanzi, anafika ku Gombe m'dziko la Tanzania mu 1960 alibe digiri iliyonse. N'zoona, koma anthu omwewo amaiwala kuti pambuyo pake iye anakachita PhD ku Cambridge, ndipo masiku ano maofesi ambiri opereka chilolezo cha kafukufuku amafuna kuona mapepala a sukulu ndi kalata ya bungwe limene likukuyimirani.

Luso lopeza chiwerengero cha nyama

Nyama zakuthengo siziima pamzere kuti muziwerenge, ndipo zimene zatsala zochepa ndi zomwenso zimavuta kwambiri kuziona. N'chifukwa chake katswiri amaphunzira njira zoyerekezera chiwerengero chonse kuchokera pa zochepa zimene wakwanitsa kuona. Njira yakale imene wophunzira aliyense ayenera kuimvetsa ndi yogwira, kuika chizindikiro, kumasula ndi kugwiranso. Tiyerekeze kuti mwagwira akamba 40 m'dera lina, mwawaika chizindikiro pa chigoba n'kuwamasula, ndipo patapita masiku mwabwereranso n'kugwira akamba 50, mwa iwo 10 ali ndi chizindikiro chanu. Popeza kamba mmodzi mwa asanu alionse ogwidwa kachiwiriwa ndi wachizindikiro, mungayerekeze kuti akamba 40 aja ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a akamba onse, ndiye kuti m'deralo muli akamba pafupifupi 200. Masamu ake, amene amadziwika ndi dzina la Lincoln ndi Petersen, ndi osavuta, koma ukatswiri uli podziwa pamene angakunamizeni. Ngati zizindikiro zina zafufutika, ngati akamba ena afa kapena achoka m'deralo pakati pa maulendo awiriwo, kapena ngati nyama imene inagwidwapo yachenjera n'kuyamba kupewa msampha, nambala yanu ikhala yolakwika, ndipo boma likhoza kupanga chisankho choopsa chifukwa chokukhulupirirani.

Nyama zambiri sizifunika kuzigwira chifukwa zili kale ndi zizindikiro zobadwa nazo. Ku Amboseli m'dziko la Kenya, kafukufuku amene Cynthia Moss anayambitsa mu 1972 amazindikira njovu iliyonse payokha poyang'ana ming'alu ndi mabowo a m'makutu mwake, ndipo chifukwa cha zimenezi mbiri ya mabanja a njovu kumeneko yalembedwa kwa zaka zoposa 50. Ku Nagarahole m'dziko la India, Ullas Karanth anasonyeza m'zaka za m'ma 1990 kuti makamera odzijambulira okha angagwiritsidwe ntchito pamodzi ndi masamu aja a kugwira ndi kugwiranso, popeza mizere ya pa thupi la tiger aliyense, chilombo cha mtundu wa kambuku, ndi yosiyana ndi ya mnzake. Chimodzimodzinso mawanga a kambuku ndi a mimbulu. Kutchera kamera kumaoneka kophweka, koma pali zambiri zoti muphunzire ndi manja: kutalika koyenera kwa kamera kuchokera pansi malinga ndi nyama imene mukufuna, kudula udzu umene ungagwedezeke ndi mphepo n'kudzaza khadi ndi zithunzi zopanda kanthu, kupewa kuilozetsa kotulukira kapena kolowera dzuwa, ndi kutsimikiza kuti tsiku ndi nthawi za m'kamerayo n'zolondola musanachoke pamalopo.

Njira ina ndi yoyenda mzere wowongoka n'kumalemba mtunda umene nyama iliyonse yaoneka kuchokera pamzerewo, kuti masamu akuuzeni kuchuluka kwa zimene munaziphonya chifukwa zinali patali. M'nkhalango zowirira, kumene njovu sizioneka kuchokera m'ndege, ofufuza amawerenga milu ya ndowe, ndipo kuti nambala ya ndowe isanduke nambala ya njovu amayenera kudziwa kuti njovu imachita chimbudzi kangati patsiku ndiponso kuti ndowe zimatenga masiku angati kuti ziwole m'nyengo imeneyo. Masiku ano palinso njira yotunga madzi m'dziwe n'kufufuzamo DNA, tizinthu ta m'thupi tosonyeza chibadwa cha chamoyo, imene nsomba kapena achule asiya. Pa njira zonsezi pali mfundo imodzi imene oyamba kumene amaiphonya, yakuti kusaona nyama pamalo sikutanthauza kuti nyamayo palibe. N'chifukwa chake malo amodzi amayenderedwa kangapo, ndipo tsiku limene simunaone kanthu liyenera kulembedwa mosamala mofanana ndi tsiku limene munaona zambiri.

Kabuku ka m'tchire ndi chida chimene chimaonetsa khalidwe la wofufuza. Lembani ndi pensulo, chifukwa inki imafufutika ikanyowa. Pamwamba pa tsamba lililonse pakhale tsiku, mayina a amene munali nawo, nyengo, nthawi yoyambira ndi yomalizira, ndi manambala a GPS a malo amene mwaima. Zimene mwaona ndi maso zilembedwe padera ndi zimene mukungoganiza, moti ngati mwaona mapazi okha, lembani kuti mapazi, ndipo ngati simukutsimikiza mtundu wa mbalame, lembani zimenezo m'malo molemba dzina limene mukulakalaka. Madzulo omwewo, ngakhale mutatopa bwanji, zilowetseni pa kompyuta ndi kuzisunga m'malo awiri osiyana, pakuti zimene zasiyidwa kuti zidzalembedwe pakutha pa mwezi zimasokonekera ndipo palibe amene angazikumbukirenso bwino.

Pa kompyuta, phunzirani mapulogalamu awiri amene ndi aulere: R wosanthulira ziwerengero ndi QGIS wojambulira mapu. M'malo ambiri otetezedwa amagwiritsanso ntchito pulogalamu ya SMART polemba maulendo a alonda ndi zimene apeza, monga misampha ndi mitembo ya nyama. Wofunsira ntchito amene angatsegule R n'kusanthula zithunzi za makamera a chaka chonse amapezeka mosowa, ndipo mabungwe ambiri ali ndi ziwerengero zaka ndi zaka zimene palibe anazisanthula. Onjezerani laisensi yoyendetsa galimoto, luso loyendetsa m'matope ndi kusintha tayala, maphunziro a chithandizo choyamba, ndi kudziwa mitengo ndi udzu wa m'dera limene mukugwira ntchito, chifukwa simungamvetse nyama yodya zomera ngati simukudziwa zimene ikudya.

Kupeza poyambira

Vuto limene aliyense amakumana nalo ndi lakuti ntchito imafuna munthu amene anagwirapo kale, pamene kuti ugwirepo umafunika kulembedwa kaye. Njira yolithetsera ndi kuyamba mudakali pasukulu. Pemphani kuthandiza wophunzira wa digiri yapamwamba amene akusowa womunyamulira zida, dziperekeni kusanja zithunzi za makamera kapena kusamalira zosungidwa m'nyumba yosungiramo zinthu zachilengedwe, ndipo lowani m'magulu owerenga mbalame. Zimene mukuona mungazitumize pa masamba a pa intaneti a eBird kapena iNaturalist, kumene anthu ena odziwa amakuwongolerani, ndipo pakapita nthawi mumakhala ndi umboni wooneka wakuti mumadziwa kuzindikira zamoyo. Chenjerani ndi malo amene amalipiritsa anthu odzipereka n'kumawalola kunyamula ndi kusisita ana a mikango. Mkango woleredwa pamanja pa anthu subwezeredwa kutchire, ndipo akatswiri akaona zimenezi pa mbiri yanu ya ntchito amayamba kukukayikirani.

Uphungu umene ambiri safuna kuumva ndi wakuti musalimbirane nyama zotchuka zokhazokha. Ofuna kufufuza mikango, njovu ndi anyani akuluakulu ndi ochuluka kwambiri, pamene achule, mileme, nsomba za m'mitsinje, njoka ndi tizilombo touluka zili ndi akatswiri ochepa ngakhale kuti zambiri mwa izo zili pangozi yaikulu. Achule, mwachitsanzo, akutha m'mayiko ambiri chifukwa cha nthenda ya pakhungu yoyambitsidwa ndi mafangasi otchedwa Batrachochytrium dendrobatidis, amene asayansi anawapatsa dzina mu 1999, patatha zaka 10 chule wagolide wa ku Costa Rica ataoneka komaliza mu 1989. Wachinyamata amene wasankha gulu lonyalanyazidwa lotere angakhale katswiri wodalirika m'dziko lake m'zaka zochepa.

Mukayamba kuyenda m'tchire, mverani alonda ndi odziwa kulondola mapazi. Ambiri a iwo alibe digiri, koma angakuuzeni kuti nyama inadutsa liti ndiponso ngati inali kuthamanga kapena kuyenda, ndipo moyo wanu umakhala m'manja mwawo. Wofufuza wamwano amene amawaona ngati onyamula katundu amabwerera ndi ziwerengero zosauka.

Malamulo ndi mapangano oyenera kuwadziwa

Chilankhulo chimene akatswiri a m'mayiko onse amamvana nacho ndi cha mndandanda wa Red List, umene bungwe la padziko lonse loteteza chilengedwe la IUCN, lokhazikitsidwa mu 1948, linauyamba mu 1964. Mndandandawu umaika zamoyo m'magulu, kuyambira zimene sizikudetsa nkhawa, kudutsa zimene zili pachiopsezo, pangozi ndi pangozi yaikulu zedi, mpaka zimene zatsala m'malo oweteredwa okha ndi zimene zinatheratu. Palinso gulu la zamoyo zimene sizinafufuzidwe mokwanira kuti ziikidwe pena paliponse, ndipo m'gulu limeneli muli ntchito yochuluka yodikira oyamba kumene. Nyama siikidwa m'gulu chifukwa cha chisoni cha munthu. Pali miyezo yolembedwa. Mwachitsanzo, mtundu umene watsala ndi nyama zazikulu zotha kubereka zosakwana 50 umalowa m'gulu la pangozi yaikulu zedi, ndipo kuchepa kwa chiwerengero kumayezedwa pa zaka 10 kapena pa mibadwo itatu ya nyamayo, potengera nthawi imene ili yaitali. Werengani miyezoyi mpaka muidziwe bwino, chifukwa lipoti lanu lidzaweruzidwa potengera iyo.

Pangano la CITES, limene linasainidwa ku Washington mu 1973 n'kuyamba kugwira ntchito mu 1975, limayang'anira malonda a nyama ndi zomera zakuthengo pakati pa mayiko. Njovu za mu Africa zinaikidwa pa mndandanda wake woyamba, woletsa malonda, mu 1989, ndipo mitundu yonse 8 ya ngaka inaikidwapo pa msonkhano wa ku Johannesburg mu 2016. Panganoli limakhudza wofufuza mwachindunji, chifukwa ngakhale kabotolo ka magazi kapena ubweya wa nyama yotetezedwa sizingadutse malire popanda chilolezo. Palinso pangano la Nagoya la mu 2010, lonena za kugawana phindu lochokera ku zamoyo za dziko lina. Kuwonjezera apo, dziko lililonse lili ndi malamulo ake a kafukufuku, ndipo zilolezo zimatenga miyezi, choncho yambani kuzifunsira nyengo ya kafukufuku isanayandikire.

Kugwira nyama yamoyo ndi nkhani ina yofuna kusamala. Mankhwala ogonetsa nyama zazikulu, monga etorphine, ndi amphamvu moti kadontho kake kangaphe munthu, ndipo ndi dokotala wa ziweto wovomerezeka yekha amene amawagwiritsa ntchito. Nyama yothamangitsidwa kwambiri kapena yogwidwa kunja kukutentha ingawonongeke minofu n'kufa patapita maola kapena masiku. Musanaike lamba wa GPS m'khosi mwa nyama, dzifunseni ngati funso lanu silingayankhidwe ndi kamera kapena ndowe. Ndipo malo amene mwaona chipembere, ngaka kapena chisa cha mbalame yosowa musawaulule pa intaneti, poti opha nyama mozembera nawonso amawerenga, ndipo chithunzi cha pafoni chingakhale ndi manambala a malo amene chinajambulidwira.

Nthambi za ntchitoyi

Nthambi imene imatchuka kwambiri ndi yoweta nyama zotsala zochepa n'kuzibwezera kutchire. Mu 1974 kunkadziwika mbalame 4 zokha za mtundu wa kabawi wa ku Mauritius, ndipo ntchito imene Carl Jones anatsogolera, yotenga mazira, kulera anapiye ndi kuteteza zisa, inachulukitsa mbalamezi mpaka zinafika mazana. Ku California, mu 1987, miimba ikuluikulu yotchedwa condor inali itatsala 27, ndipo yonse inali itagwidwa kuti iswane m'malo otetezedwa. Inayamba kumasulidwa mu 1992 ndipo lero yapitirira 500, kuphatikiza ya kutchire ndi yoweteredwa. Koma onani kuti miimbayi imafabe ndi mtovu wa zipolopolo zotsalira m'nyama zimene alenje awombera, moti akatswiri amaigwirabe kuti ayeze magazi ake. Apa pali phunziro la ntchito: kubwezera nyama kutchire chimene chinkaipha chisanachotsedwe ndi kuwononga ndalama. Zipembere zoyera za kumpoto zikuonetsa malire a nthambiyi, pakuti yamphongo yomaliza, Sudan, inafa mu 2018 ku Ol Pejeta m'dziko la Kenya, ndipo zatsala zazikazi ziwiri zokha. Amene akufuna nthambi imeneyi aphunzire za chibadwa cha nyama, za uchembere wake ndi za matenda.

Ntchito zochuluka, komabe, zili poteteza nyama pamalo pomwe zimakhala, ndipo m'malingaliro anga ndi kumene wachinyamata ayenera kuyang'ana poyamba. Anyani a gorilla a m'mapiri a Rwanda, Uganda ndi Congo sanachulukitsidwe m'makola. Anatetezedwa ndi maulendo a alonda a tsiku ndi tsiku, kuchotsa misampha ndi chithandizo cha madokotala, ndipo mu 2018 chiwerengero chawo chitapitirira 1,000 anachotsedwa m'gulu la pangozi yaikulu zedi. Palinso ntchito yosamutsa nyama kuchoka kumene zachuluka kupita kumene zinatha, monga njovu pafupifupi 500 zimene zinasamutsidwira ku Nkhotakota kuchokera ku Liwonde ndi Majete mu 2016 ndi 2017, ntchito yofufuza milandu ya ozembetsa minyanga pogwiritsa ntchito DNA, ndi ntchito yolangiza boma pa malamulo.

Pa nthambi iliyonse mudzakumana ndi anthu okhala moyandikana ndi nyama, ndipo apa ndi pamene ophunzira ambiri a sayansi amagwa. Mlimi amene njovu zamudyera munda usiku umodzi, kapena woweta amene mkango wamugwirira ng'ombe, sangamve za mndandanda wa IUCN, ndipo ali ndi chifukwa chomveka. M'mayiko ambiri malo otetezedwa anakhazikitsidwa posamutsa anthu mokakamiza, ndipo zidzukulu zawo sizinaiwale. Katswiri wabwino amaphunzira chilankhulo cha anthu a m'deralo, amadziwa kufunsa mafunso popanda kuwaopseza, ndipo amabwerera kukawauza zimene wapeza. Njira zina zothandiza zinachokera m'ntchito yotere, monga mipanda ya ming'oma ya njuchi imene Lucy King anaiyesa ku Kenya atatsimikiza kuti njovu zimathawa njuchi, komanso lamulo la ku Namibia la mu 1996 lopatsa midzi ufulu woyang'anira nyama za m'dera lawo ndi kupindula nazo. Ngati sukulu yanu ili ndi phunziro la kafukufuku wa chikhalidwe cha anthu, litengeni ngakhale lisali lokakamiza.

Kufunsira ntchito ndi kupeza ndalama za kafukufuku

Olemba ntchito aakulu ndi nthambi za boma zoyang'anira nyama ndi nkhalango, mabungwe omwe si aboma, mayunivesite, malo osungira nyama, ndi makampani oyeza mmene misewu, migodi kapena madamu zingakhudzire chilengedwe. Ntchito zambiri zoyambira zimakhala za miyezi yowerengeka, malipiro ake ndi ochepa, ndipo zimatha ndalama za wopereka thandizo zikatha, choncho konzekerani kusamuka kangapo musanakhazikike. M'kalata yofunsira ntchito musataye malo pofotokoza mmene mumakondera nyama kuyambira ubwana, pakuti aliyense amalemba zomwezo. Nenani zimene munachita ndi manja anu: makamera angati amene munayang'anira, kwa miyezi ingati, ndi pulogalamu iti imene munasanthulira, ndipo lipotilo linapita kwa yani. Munthu amene anakuonani mukugwira ntchito m'tchire ndi mboni yamphamvu kuposa mkulu wotchuka amene anangokuonani m'kalasi.

Phunzirani msanga kulemba pempho la ndalama, chifukwa luso limeneli ndi limene limasunga ntchito za anthu ambiri. Mabungwe monga Rufford Foundation, Conservation Leadership Programme ndi ndondomeko ya EDGE ya Zoological Society of London amathandiza makamaka oyamba kumene. Pempho labwino limakhala ndi funso limodzi lomveka, njira yoti ingatheke m'nthawi imene mwatchula, ndondomeko ya ndalama yosakokomeza ndi yosadzimana, ndiponso kufotokoza kuti ndani adzagwiritse ntchito zotsatira zake. Mapempho ambiri amakanidwa, ngakhale a akatswiri odziwika, motero likakanidwa pemphani ndemanga, likonzeni n'kulitumizanso. Mukamaliza kafukufuku, mufalitseni, ngakhale zotsatira zake zikhale zakuti njira imene munayesa sinagwire ntchito. Gulu la Conservation Evidence la ku yunivesite ya Cambridge limasonkhanitsa umboni wa njira zimene zinathandiza ndi zimene zinalephera, ndipo ndi bwino kuyang'anamo musanayambe chilichonse. Kulowa m'gulu la akatswiri monga Society for Conservation Biology, lokhazikitsidwa mu 1985, kumathandizanso kumva za mipata ya ntchito ndi misonkhano ya ophunzira.

Musanasaine pangano la ntchito ya m'tchire, funsani mafunso amene achinyamata ambiri amachita nawo manyazi. Ntchitoyi ili ndi zoopsa zenizeni, monga malungo, njoka, ngozi za pamsewu ndi za ndege zing'onozing'ono, matenda ochokera ku nyama, ndipo m'madera ena anthu okhala ndi mfuti. Ku paki ya Virunga m'dziko la Congo alonda oposa 200 aphedwa ali pantchito. Dziwani kuti chipatala chapafupi chili pamtunda wotani, ndani adzalipire mukavulala, pali njira yanji yolumikizirana kumene foni sigwira, ndiponso kuti munthu amene wachitidwa nkhanza kumsasa wakutali angakadandaule kwa yani. Ngati mudzagwira mileme kapena nyama zodya zinzake, bayitsani katemera wa chiwewe musanapite. Funsaninso kuti ziwerengero zimene mudzasonkhanitse zidzakhala za yani, ngati mudzaloledwe kuzigwiritsa ntchito pa digiri yanu, ndiponso ngati dzina lanu ndi mayina a anzanu a m'deralo adzalembedwe pa lipoti ndi pa nkhani zofalitsidwa, ndipo mayankho ake alembedwe m'panganolo ntchito isanayambe.